Masiku a Mabuku M'Kabula

Iye amene ayenda lero m'misewu ya Blantyre, kuchokera pa Wenela, kutsata msewu wa Haile Selassie kufikira ku Victoria Avenue, naona masitolo a mafoni, a zovala ndi a zipangizo za magetsi atandandalika mbali iyi ndi mbali inayo, sangakhulupirire msanga atauzidwa kuti mzinda womwewu, zaka 40 kapena 50 zapitazo, udali mudzi wa anthu owerenga; ndiponso kuti zimene ankawerengazo sizidali za mayeso zokha kapena za kutchalitchi zokha ayi, koma nkhani zopeka za chikondi, za mbava ndi ofufuza milandu, za akazitape, za akauboyi ndi akavalo awo, mabuku amene munthu ankatsegula popanda womutuma, nawatseka tambala atalira kale. Ife amene tidakula m'masiku amenewo tikutha mmodzimmodzi, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti n'koyenera kulemba zimene maso athu adaona zisadalowe m'manda pamodzi nafe.

Kuwerenga kudafika kuno ndi amishoni a Church of Scotland, amene m'chaka cha 1876 adamanga misasa yawo m'dziko la mfumu Kapeni, natcha malowo Blantyre pokumbukira mudzi umene adabadwirako David Livingstone, ngakhale kuti eni nthaka sadaleke kuwatcha Kabula kufikira lero lino. Pamishoni pomwepo adaikapo makina osindikizira, amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina la Hetherwick Press. Ndipo David Clement Scott, yemwe adamangitsa tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, adatulutsanso buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja mu 1892. Koma makolo athu a nthawi imeneyo, pamene ankaphunzira kulumikiza zilembo, adali ndi zinthu ziwiri mumtima: kuti adziwerengere okha Mawu a Mulungu, amene adadzakhala athunthu m'chinenero chathu pamene Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, ndi kuti akapeze ntchito ya ukalaliki kwa Mandala kapena ku boma. Buku lidali chinthu cholemekezeka, chosungidwa m'bokosi pamodzi ndi zovala za pa Sabata, ndipo munthu wamkulu akadapezeka atakhala pakhonde dzuwa lili paliwombo, nkhani yopeka ili m'manja, anansi akadamuyesa mlesi wofunika kumulangiza. Nthano zidalipo zosawerengeka, koma zidali pakamwa pa agogo, madzulo, anthu atazinga moto.

Amene adaonetsa poyera kuti nkhani yaitali ingathe kukhala papepala m'Chinyanja osataya kukoma kwake adali mphunzitsi wa ku Nkhoma, Samuel Josiah Nthara, yemwe buku lake lotchedwa Nthondo lidapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'zinenero za mu Africa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Kenaka mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakhazikitsa ku Lusaka bungwe losindikiza mabuku m'zinenero za anthu, ndipo timabuku take topyapyala, totsika mtengo, tina tolembedwa ndi abale athu a kutsidya kwa malire, tina ndi a kwathu konkuno, tidayamba kulowa m'masukulu ndi m'nyumba za aphunzitsi. Imeneyo idali mbewu. Zokolola zake zidadza ufulu utafika.

Pakuti m'zaka zoyamba za ufulu zinthu zambiri zidachitika motsatana, ndipo pafupifupi zonse zidachitikira m'Blantyre ndi m'Limbe, matauni awiri amene adali atawaphatikiza kukhala amodzi mu 1956. Malawi Book Service idayamba kugulitsa mabuku m'dziko lonse. Ansembe a Montfort, ndi makina awo a ku Limbe, adayambitsa magazini ya Moni mu 1964, imene inkalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mu 1974 adatsegula mndandanda wa mabuku a alembi a Chimalawi pansi pa dzina la Popular Publications. Lamulo lokhazikitsa National Library Service lidaperekedwa mu 1967. Mipingo idagwirizana kukhazikitsa CLAIM mu 1968, chaka chomwecho chimene Chinyanja chidasandulika dzina n'kukhala Chichewa, chinenero cha fuko. Dzuka Publishing Company idadza mu 1975. Pamwamba pa zonsezi padali Times Bookshop ndi Central Bookshop, m'mene munali mashelefu athunthu a manovelo ochokera ku London, a zikuto zofewa zonyezimira, onunkhira pepala latsopano.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira malipiro, ndilo lidali tsiku loona zimene ndikunenazi. Akalaliki a kunjanji, anamwino a ku Queen Elizabeth, mataipisiti a m'maofesi, aphunzitsi ochokera ku Chiradzulu ndi ku Thyolo amene adabwera pa basi ya UTM kudzagula zofunika za pakhomo, onsewa ankadzazana m'bukushopu, ena kugula, ambiri kungoima pakona n'kumawerenga tsamba limodzi, awiri, atatu, kufikira wogulitsa atatsokomola mwadala kumbuyo kwawo. Ife ana a sukulu, amene m'thumba munalibe ngakhale tambala yopyola ya basi, tinkayenda wapansi kuchokera ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa kungoti tikaone zikuto, tiloweze mayina a mabuku atsopano, kuti pobwerera tikayambe kufunsa m'makomo kuti kodi ndani wagula lakutilakuti.

Apa ndiye pagona nkhani yanga yeniyeni, chifukwa ogula adali ochepa koma owerenga adali khamu. Buku limodzi logulidwa ndi kalaliki mmodzi wa ku Soche linkawerengedwa ndi iye, mkazi wake, mlamu wake, anzake a kuntchito, ana a mwininyumba, ndipo pakutha pa miyezi ingapo linkapezeka ku Bangwe m'manja mwa munthu amene sadamvepo n'komwe dzina la mwini wake. Linkayenda monga muja moto unkayendera m'mudzi kale, pamene mayi ankatuma mwana kukapala khala kwa anansi, anansiwo osasauka nako kanthu, ndipo madzulo nyumba zonse zili ndi utsi. Padalibe kaundula, padalibe chikole, komabe padali malamulo amene aliyense ankawadziwa ngakhale sadalembedwe paliponse. Wobwereka ankanena tsiku lobweza. Wofuna buku labwino ankabwera ndi lina m'manja, pakuti kupatsa n'kuika. Woulula mathero a nkhani kwa mnzake amene akadali pakati ankamuyang'ana ngati wochita chinthu chonyansa mu Israyeli. Ndipo amene adataya buku la mwini, kapena kulilola kuti mayi ake akulungire usipa masamba ake, ankakhala miyezi osabwerekedwa kanthu, kufikira atalapa ndi kubweza lina.

Ndikumbukira bwino maonekedwe a buku lotere likafika m'manja mwathu litayenda kale ulendo wake wautali. Chikuto chake chenicheni chidali chitapita kalekale, ndipo wina wachifundo adali atalivekanso pepala la khaki lodula ku thumba la simenti, nalisoka msana ndi ulusi wakuda wa telala. Makona a masamba adali opindika ndi oderako ndi thukuta la zala zambiri. Apa dontho la tiyi, apo chipsera cha phulusa la fodya, ndipo lonse lidali kununkha palafini chifukwa linkawerengedwa usiku pa koloboyi, munthu atagona chafufumimba pamphasa, utsi wakuda ukulowa m'mphuno kotero kuti m'mawa posamba ankamina zakuda. Mkati mwa chikuto mudali mayina a eni ake akale, lina lofufutidwa ndi amene adadza pambuyo, pamodzi ndi machenjezo oopsa kwa aliyense woganiza zoliba. Tsoka lalikulu koposa onse lidali kufika kumapeto pakati pa usiku, mtima uli m'mwamba, wakupha ali pafupi kudziwika, n'kupeza kuti masamba atatu otsiriza adathothoka. Pamenepo munthu ankadzuka m'mawa n'kuyenda mtunda kukafuna wina amene adaliwerenga likadali lathunthu. Ndipo popeza kandimverere adakanena za m'maluwa, nthawi zina ofotokoza awiri ankapereka mathero awiri osiyana, mkangano n'kubuka pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka.

Mtundu uliwonse wa nkhani udali ndi anthu ake. Anyamata, pafupifupi onse, adali a James Hadley Chase, Mngelezi amene ankalemba za zigawenga za ku America ngakhale kuti iye mwini sadakhaleko dziko limenelo, koma ankadalira mapu ndi buku la mawu a m'misewu ya kumeneko. Ndipo mnyamata amene sadawerengeko Chase sankatha kutsegula pakamwa pagulu la anzake. Ena adali a Nick Carter ndi akazitape ake, ena a Louis L'Amour ndi zigwa zake za ng'ombe ndi mfuti. Atsikana adali ndi Mills & Boon, timabuku ta chikondi timene tinkatha ndi ukwati nthawi zonse, ndipo ngakhale anyamata ankatinyoza masana pamaso pa anzawo, alongo awo ankadziwa bwino lomwe amene ankatisowetsa usiku pansi pa pilo. Akuluakulu a m'maofesi ankanyamula mabuku onenepa a Wilbur Smith, Sidney Sheldon ndi Robert Ludlum. Amayi ena odekha ankakonda Agatha Christie. Ana ang'ono ankayambira pa Enid Blyton, nakwera pang'onopang'ono. Komatu malire amenewa sadali olimba, chifukwa njala ya kuwerenga ikakula, munthu ankalandira chilichonse chimene chafika, ndipo wa akauboyi ankapezeka akulira ndi nkhani ya namwino wosiyidwa ndi dokotala.

Aphunzitsi ambiri ndi akulu ampingo sadakondwere nazo izi. Ankati ndi mabuku achabechabe, owononga nthawi ndi makhalidwe. Ndipo pasukulu imene ndidaphunzira ine, wogwidwa atabisa novelo mkati mwa buku la mapu pa nthawi yowerenga madzulo ankalandidwa bukulo, m'mawa mwake n'kupatsidwa chikwakwa kuti akatchetche bwalo la mpira. Sindinena kuti akuluwo adalakwa m'zonse. Zikuto zina zidalidi zosayenera maso a mwana. M'nkhani za akauboyi eni dziko a ku America ankaphedwa ngati nyama ife tikuombera m'manja, osazindikira kuti mbiri yawo idali pafupi ndi yathu kuposa ya owaphawo. Ndipo mtsikana wina adakula akudikira mwamuna wa maso obiriwira amene sadabadwepo m'Ndirande. Koma ndikaika zonse pamuyeso, ndinenetsa kuti mabuku onyozekawo ndiwo adaphunzitsa mbadwo wathu kuwerenga kwenikweni. Buku la m'kalasi tinkalitsegula chifukwa cha mantha a mayeso, ndipo belu likalira tinkalitseka ndi chimwemwe. Koma novelo idatiphunzitsa kukhala pansi maola anayi osatekeseka, kugwira mayina khumi m'mutu, kulota tanthauzo la liwu lachilendo poona anzake olizungulira, ndi kufunsa pamtima kuti kodi munthu uyu akunena zoona kapena akunama. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: amene adatha mabuku a Chase makumi atatu sadachite mantha pamene adampatsa Achebe kapena Shakespeare, ndipo ambiri mwa amene pambuyo pake adalemba m'nyuzipepala, adaweruza milandu kapena adalalika pa maguwa a mzinda uno, Chingerezi chawo chosalala adachitola pa koloboyi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kudadza chinthu chatsopano chimene chidatembenuza mitima yathu. Kampani ya Macmillan idayamba mu 1977 kutulutsa manovelo otchedwa Pacesetters, olembedwa ndi anthu a mu Africa, onena za chikondi, umbava, katangale ndi ukazitape m'mizinda ya Lagos, Nairobi ndi Gaborone. Ndipo kwa nthawi yoyamba tidaona pachikuto nkhope zakuda ngati zathu, tidawerenga za malowolo, za apongozi, za mabasi odzaza ndi za mwana wa kumudzi wosochera m'tauni. Pamene tidamva kuti mmodzi wa alembi ake, Dede Kamkondo, ndi Mmalawi mnzathu, ambiri adayamba kugula makope ndi kulemba zawozawo usiku, natumiza ku Moni kapena ku Malawi News, imene Loweruka lililonse inkasindikiza nkhani yaifupi. Ndipo mnyamata amene dzina lake lidatuluka patsamba limenelo ankayenda m'dera lake sabata yonse nyuzipepala ili m'khwapa.

Koma munthu amene ayenera kukumbukiridwa mwapadera m'mbiri ya mzinda uno ndi Aubrey Kalitera. Iyeyu, atasindikizitsa mabuku ake oyamba ku Nairobi, adaona kuti kudikira osindikiza akunja n'kuchedwa, nakhazikitsa yekha Power Pen Books m'Blantyre momwemuno, nayamba kulemba, kusindikiza ndi kugulitsa yekha nkhani zake, zimene anthu ake ankayenda m'misewu yomwe ife tinkayendamo. Mapepala ake sadali osalala ngati a ku London, ndipo ophunzira kwambiri ankakweza mapewa akamva dzina lake; komabe Why Father Why lidawerengedwa m'nyumba zimene mabuku a ophunzirawo sadalowemo, ndipo To Ndirande Mountain with Love lidaika phiri lathu lomwe, limene tinkaliona tsiku ndi tsiku potuluka pakhomo, pachikuto cha nkhani ya chikondi. Kwa ine, amene adachita zimenezo popanda thumba la boma kapena la mpingo kumbuyo kwake adachita ntchito ya ngwazi, ndipo mzinda uno sudamuthokoze monga kuyenera.

Za Chichewa nazo zidalipo, ngakhale zidali zochepa kuyerekeza ndi njala ya anthu. John Gwengwe adatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani ya abale awiri ndi mbalame yosabisa mlandu wa magazi. E. J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani adalemba nkhani zimene zinkawerengedwa mokweza pakhonde, mwana wa sukulu akuwerengera amayi ake ndi azakhali amene sadapiteko kusukulu, iwo akusenda nandolo, akumuimitsa kuti aseke kapena adzudzule mkazi woipa wa m'nkhanimo ngati kuti ali pomwepo. Chimene chidawapweteka mabuku amenewa n'chakuti abwino onse ankatengedwa kukhala a mayeso, ndipo buku likangolowa pa silabasi, mwana ankayamba kuliona ngati ntchito. Komanso tidali ndi kamtima konyoza zathu, koyesa kuti nkhani ya m'Chingerezi ndiyo ya anthu otsogola, kuiwala kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Sindingalembe mbiri iyi moona ndikabisa mthunzi umene udali pamwamba pa zonsezi. Mu 1968 boma lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo m'zaka zake zisanu ndi ziwiri zoyamba lidaletsa mabuku oposa 800. Magazini ochokera kunja ankafika masamba ena atang'ambidwa kapena atapakidwa inki yakuda. Mabuku a Legson Kayira, mwana wa dziko lino, sankapezeka pashelefu. Sam Mpasu adalemba novelo yotchedwa Nobody's Friend, ndipo mu 1975 adatengedwa natsekeredwa ku Mikuyu zaka ziwiri popanda kuzengedwa mlandu, chifukwa ena adaona m'nkhani yopeka zimene adafuna kuonamo. Motero alembi athu adaphunzira kuyenda mosamala, kulemba za chikondi ndi za m'banja, kupewa chilichonse chokhudza mpando. Ndipo mwina n'chifukwa chake nkhani za zigawenga za ku America zidatikoma chotero, pakuti m'menemo mokha ndi mmene tinkaona wapolisi wolandira chiphuphu ndi bwana wamkulu wakuba akutchulidwa dzina, popanda wowerenga kucheukira kumbuyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pamene ufulu wolankhula udafika, pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, tidayesa kuti tsopano mabuku adzasefukira. Koma m'chaka chomwecho cha 1994 kwacha idasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake pamsika, idagwa kwambiri, ndipo novelo yochokera kunja idasanduka chinthu chimene kalaliki sakadathanso kugula pakutha pa mwezi. Malawi Book Service idatsekedwa m'zaka zomwezo. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana adadzaza makalasi, ndipo osindikiza ndi ogulitsa omwe adatembenukira ku mabuku a sukulu, kumene kudali ndalama yotsimikizika. Nyumba zoonetsa mavidiyo zidamera m'misika ya Ndirande ndi Bangwe, wailesi yakanema ya dziko lino idatsegulidwa mu 1999, ndipo pambuyo pake foni idalowa m'thumba la aliyense. Manovelo adatsikira pansi, m'makonde a masitolo a Blantyre ndi Limbe, m'mene mavenda ankawayala pa chiguduli pamodzi ndi magazini akale, ndipo wodutsa ankanjuta n'kusankha ngati pa kaunjika. Koma mu 2006, pamene boma lidachotsa mavenda m'misewu, ngakhale malo amenewo adachepa.

Sindili m'gulu la amene amati ana a lero adabadwa odana ndi kuwerenga. Ndimawaona m'minibasi atawerama pa foni, akutsata nkhani zopeka za m'Chichewa zimene anzawo amalemba chigawochigawo pa Facebook ndi pa WhatsApp, akukangana za mathero ake monga momwe ife tinkakanganirana pansi pa mango paja. Njala ija ikadalipo. Chimene chidasowa ndi buku lenilenilo pamalo pamene mwana angalifikire, ndi mnansi woti amubwereke. Laibulale ya boma ikadali yotsegula m'mzinda muno, koma ambiri olowamo amanka ndi makope a mayeso, ndipo mwana wa ku Chilobwe kapena ku Mbayani sangayende mtunda wonsewo kukafuna nkhani yongomusangalatsa ngati palibe adamulawitsako n'kale lonse.

Tsono ndikudandaulirani inu anzanga a msinkhu wanga, amene m'nyumba zanu muli masutikesi ndi makatoni a Chase, a Pacesetters, a Kalitera ndi a Zingani, akudyedwa ndi njenjete pamwamba pa wadirobu: atsitseni, akuntheni fumbi, asokeni misana ngati yamasuka, ndipo muwapereke kwa mwana wa mnansi wanu, mumuuze tsiku lobweza, ndipo akabweza mumufunse zimene wapezamo musadampatse lina. Ndipo inu aphunzitsi, mukampeza mwana atabisa novelo mkati mwa buku la mapu, musamupatse chikwakwa. Muuzeni amalize ntchito yake ya m'kalasi, kenaka mumuonetse pamene angapeze buku lachiwiri.